Kodi lero kukhala mphepo? Zizindikiro za nyanja ndi mvula kuno ku Lago

Pitani ku gombe la Metangula, la Cóbuè kapena la Meluluca dzuwa likamapendeka. Mukapeza anyamata akulongedza cilimila ndi nyali. Ena akukapa madzi m'bwato. Koma yang'anitsitsani bwino. Pamakhala bambo mmodzi wacikulire amene sakugwira kanthu. Wangoima, manja kumbuyo, maso ali kummwera. Ungati ndi ulesi. Ayi, bamboyo ali pa nchito. Akuwerenga thambo ndi madzi. Akanena kuti "lero tigone kumtunda," bwato lake sililowa m'madzi.

Luso limeneli si la asodzi okha. Mlimi wa ku Maniamba nayenso amayang'ana mitengo, nyerere ndi mbalame kuti adziwe tsiku lobzala. Mayi amene wayanika cinangwa kapena usipa pa thandala amaponya maso kumwamba nthawi ndi nthawi. Tonsefe tili ndi zizindikiro zimene tinamva kwa makolo.

Koma kodi zonse n'zoona? Funso limeneli si lamasewera. Msodzi akatsata cizindikiro cabodza, akhoza kusiya ana amasiye. Mlimi akatsata cabodza, mbewu imene anasunga caka conse imapserera m'nthaka. Ine ndimaona kuti zizindikiro sizifanana mphamvu. Zimene zimanena za maola ocepa akubwerawa, zambiri n'zodalirika. Zimene zimanena za mawa ndi mkuja, pena zimalondola, pena zimaphonya. Zimene zimanena za caka conse ndiye zofooka kwambiri.

Mphepo zinayi

Munthu wa kunyanja amayamba wadziwa mphepo. Ndipo taonani, mayina a mbali za dziko m'cinenero cathu ndi mayina a mphepo: kummwera, kumpoto, kuvuma, kuzambwe.

Mwera ndiye mkulu wa zonse. Umacokera kummwera, ndipo nyengo yake ndi ya cisanu, kuyambira Meyi mpaka ca m'Seputembala. Ndi mphepo yozizira. Ukayamba sufulumira kuleka. Ukhoza kuwomba masiku awiri, atatu, ngakhale sabata. Gwero lake lili kutali, ku nyanja zikuluzikulu za mcere za kufupi ndi South Africa. Mpweya wozizira wa kumeneko umakankhidwira kumpoto mpaka kufika kwathu kuno.

N'cifukwa ciyani Mwera umautsa mafunde aakulu conci? Yankho lili m'maonekedwe a nyanja yathu. Nyanja ya Niassa ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo inagona kucokera kummwera kupita kumpoto. Mbali zonse ziwiri kuli mapiri. Conco Mwera ukalowa, umayenda ngati madzi m'ngalande, popanda coutchinga. Mphepo ikayenda mtunda wautali pamwamba pa madzi, mafunde amakulirakulira. Funde limene linabadwa laling'ono ku Mangochi limafika ku Likoma litakula kuposa munthu.

Mpoto ndi mphepo ya dzinja. Umacokera kumpoto, ndi wofunda, ndipo umanyamula cinyezi. Mpoto ukakhazikika, alimi amadziwa kuti mvula yeniyeni yayandikira kapena yafika.

Vuma amacokera kum'mawa. Kwa ife a tsidya lino, ndiye kuti amatsika m'mapiri a kuseri kwa nyumba zathu n'kulowa m'nyanja. Mphepo imeneyi ndi yonyenga. Pagombe madzi amaoneka bata ndithu, cifukwa mapiri ndi mitengo zatichinjiriza. Koma ukangopalasa pang'ono kupita pakati, umapeza mafunde, ndipo mphepo ikukukankhira kutsidya. Kupita n'kosavuta. Kubwerera ndiye nkhondo, makamaka ngati mulibe injini, muli ndi nkhafi zokha.

Zambwe amacokera kumadzulo. Sabwera kawirikawiri, koma akabwera amamenya gombe lathu maso ndi maso. Bwato limene silinakokeredwe kumtunda bwino limaswekera pamiyala.

Mudzi uliwonse uli ndi mayina ena a timphepo take ta pa ndomo kapena pa mathiriro a mtsinje. Amenewo funsani akuluakulu a kwanuko.

Mwera umatumiza mthenga

Ubwino wa Mwera ndi wakuti kawirikawiri subwera mwakabisira. Umayamba watumiza amithenga.

Woyamba ndi kuzizira. Mukadzuka m'mawa kukuzizira kuposa dzulo, ndipo timitambo totsika tikuthamanga kucokera kummwera, tina titakhala pansonga za mapiri ngati cipewa, dziwani kuti mpweya wasintha. Kumtunda, ku Lichinga, nthawi zina kumagwa kamvula kowaza. Anzathu a ku Malawi amakachula ciperoni. Dzinali linacokera ku phiri la Chiperone la ku Zambézia, kuno ku Mozambique, cifukwa mitambo yake imaoneka ngati ikucokera kumeneko.

Wachiwiri ndi funde lopanda mphepo. Ici ndinaphunzira kwa amalume anga ndili mnyamata. Tsiku lina m'mwezi wa Juni tinali pamadzi, kunja kuli zii, ngakhale tsitsi silikugwedezeka. Iwo anati, "Leka kupalasa, mphwanga. Tamvera." Ndinaleka. Bwato linali kukwera pang'onopang'ono, n'kutsika, kukwera, n'kutsika. Anati, "Funde ili lili ndi mwini wake. Akubwera." Tinakoka maukonde opanda kanthu, ine ndikudandaula mumtima. Tisanamalize kukokera bwato pamcenga, nyanja yonse inali itayera thovu.

Amalume sanalosere. Mphepo inali itayamba kale kutali kummwera. Mafunde amene inautsa anayenda n'kutipeza, mphepoyo isanafike. Ici ndiye cinsinsi ca zizindikiro zabwino: sizilosera cinthu cimene kulibe. Zimakuonetsa cinthu cimene cayamba kale, kungoti sicinakufike.

Wacitatu ndi mzere wakuda pamadzi, kutali kumene nyanja imakumana ndi thambo. Madzi osalala amawala. Madzi amene mphepo yawagwira amaoneka bii. Mukaona mzere wakuda ukusendera kwa inu, pena uli ndi timadontho toyera, imeneyo ndi mphepo yeniyeniyo. Nthawi yokambirana yatha.

Nyanja ino inameza kale anthu odziwika ndi zombo zazikulu. David Livingstone atayenda pa nyanjayi mu 1861 anaipatsa dzina lotanthauza nyanja ya namondwe. Mu Seputembala 1895, bishopu wa Anglican, Chauncy Maples, anamira bwato lake litagubuduzika ndi mphepo ali pa ulendo wopita ku Likoma. Manda ake ali ku Nkhotakota. Sitima ya mishoni ija agogo athu ankaiona ikuima m'midzi ya m'gombe lino inachedwa dzina lake. Ndipo pa 30 Julayi 1946, sitima yatsopano ya Vipya inamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanja, kufupi ndi Chilumba ku Malawi. Anthu 145 anafa. Onani mwezi wake: Julayi, pakati penipeni pa nyengo ya Mwera. Ngati citsulo cinagonja, nanga bwato la mtengo umodzi?

Namondwe wa dzinja

M'dzinja mdani amasintha. Sakhalanso mphepo ya masiku atatu. Amakhala mtambo umodzi wa mabingu, umene umabadwa, kukula ndi kulusa m'maola ocepa.

Masana mtambo wotere suvuta kuuona. Umayamba woyera ngati thonje. Kenako umamera kupita kumwamba ngati cibowa cacikulu, pansi pake pakuda bii, pamwamba pake pataphwaphwatika. Mtambo ukafika pamenepo, ndiye kuti wakhwima.

Akuluakulu amati, "Kukatentha kuli phee, opa." Akunena zoona. Nthawi zambiri namondwe asanafike kumakhala bata lotopetsa, thukuta lili kamukamu. Kenako mwadzidzidzi pamabwera kamphepo kozizira kumaso. Kamphepo kameneka ndi mpweya umene ukugwa kucokera mumtambo pamodzi ndi mvula. Ukafika pamadzi umamwazikira mbali zonse mwamphamvu. Ndiwo umagubuduza mabwato ndi kusasula madenga. Mukakamva, mwatsala ndi mphindi zocepa basi. Tsitsani thanga, khalani pansi m'bwato, ndipo lozetsani mutu wa bwato ku mafunde.

Vuto lalikulu ndi la usiku. Masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi, conco mitambo imamera pamwamba pa mapiri. Usiku zimatembenuka. Mtunda umazizira, koma madzi amakhalabe ofunda. Mphepo imatsika m'mapiri a tsidya lino ndi a tsidya lija n'kukakumana pakati pa nyanja. Ikakumana imakwera, ndipo mitambo ya mabingu imamera pamwamba pa madzi, pakati pa usiku kapena m'bandakuca. Imeneyo ndiyo nthawi imene asodzi a usipa ali pakati ndi nyali zawo.

Usiku mtambo suoneka, koma pali zinthu ziwiri zothandiza. Coyamba ndi nyenyezi. Nyenyezi zikayamba kuzimirira mbali imodzi ya thambo, ngati wina akuziphimba ndi bulangete, ndiye kuti mtambo ukubwera kucokera kumeneko. Caciwiri ndi kuwerenga. Mukaona cing'aning'ani, yambani kuwerenga modekha: 1, 2, 3, mpaka mumve bingu. Phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Mukafika pa 30, mtambo uli pa makilomita 10. Mukafika pa 9, uli pa makilomita atatu. Werenganinso pa cing'aning'ani cotsatira. Nambala ikamacepa, ndiye kuti ukukuyandikirani. Ici makolo sanatiphunzitse, koma n'coona, ndipo sicilira ndalama.

Utsi wa pamadzi

Mlendo akafika kuno m'dzinja amadabwa. Amaona cinthu conga utsi wakuda cikukwera pakati pa nyanja, n'kufunsa kuti, "Kodi kukupsa ciyani pamadzi?" Ife timaseka. Imeneyo ndi nkhungu, tizilombo ting'onoting'ono touluka. Ana ake amakulira m'madzi akuya. Akakhwima amatuluka onse pamodzi, miyandamiyanda, makamaka mwezi ukakhala watsopano. Mphepo ikatibweretsa kumtunda, amayi amatikola ndi lichero kapena dengu, n'kuumba timikate ta ndiwo.

Ena amati nkhungu imaitana mvula. Sikuti imaitana. Imangoculuka nyengo imodzi ndi mvula. Koma ili ndi nchito ina kwa msodzi. Nkhungu ilibe mphamvu yolimbana ndi mphepo. Kumene utsi wake wapendekera, ndi kumene mphepo ya pakati pa nyanja ikupita, ngakhale pagombe pali bata. Ndi mbendera yaulere.

Cenjerani kuti musasokoneze nkhungu ndi kamvuluvulu wa pamadzi. Nkhungu imacokera pamadzi kukwera kumwamba, ndipo ikhoza kuoneka ngakhale thambo lili loyera. Kamvuluvulu amalendewera kucokera ku mtambo wakuda ngati citamba ca njovu, ndipo pansi pake madzi amazungulira, kucita thovu. Ameneyo musamuyandikire.

Zizindikiro za kumtunda

Tsopano tituluke m'madzi, tipite kumunda.

Ca m'Seputembala ndi Okutobala, mvula isanagwe n'dontho lomwe, mitengo ya m'mapiri monga mombo imaphuka masamba atsopano ofiira. Nyenje zimalira mpaka makutu kuwawa. Anthu amati, "Mvula yayandikira, sosani." Pamenepa palibe bodza. Mitengo imeneyi imaphukadi mvula isanabwere, caka ndi caka. Koma mtengo ukukuuzani nyengo, osati tsiku. Uli ngati kalendala. Ukunena kuti konzani khasu. Sukunena kuti bzalani Lacitatu.

Acule akayamba kulira onse pamodzi madzulo, nthawi zambiri mvula ili pafupi kapena yagwa kale penapake. Khungu la cule limamva cinyezi msanga, ndipo acule amafuna madzi oti aikiremo mazira. Nyerere zikamasamutsa mazira awo kupita pamalo okwera, kapena linthumbu likalowa m'nyumba, anthu amatinso kukubwera mvula. Pena zimacitikadi. Koma nyerere zimasamukanso pa zifukwa zawo, monga njala kapena adani. Cizindikiro ici ndi ca theka.

Anamzeze akamauluka motsika, mpaka kukhudza udzu kapena madzi, akusaka tizilombo. Kunja kukakhala kotentha ndi kouma, tizilombo timakwera m'mwamba ndi mpweya wofunda, ndipo mbalame zimatitsata. Kukakhala cinyezi kapena mphepo, tizilombo timatsika. Conco namzeze akungokuonetsani mmene mpweya ulili panopa. Za nang'omba, mbalame yaikulu yakuda ija yolira ngati ng'oma m'mamawa, anthu ambiri amati ikalira ndiye kuti yaitana mvula. Imaliradi kwambiri nyengo imeneyi, cifukwa ndi nthawi yake yoswana. Koma imaliranso masiku amene kunja kuli ngwee.

Nanga ngumbi? Izi sizilosera ayi. Zimatuluka mvula itagwa kale, nthaka ya pa culu itafewa. Komabe zili ndi phindu. Zikatuluka zambiri, ndi umboni wakuti madzi alowadi pansi.

Pali msampha umodzi umene umagwira alimi caka ndi caka. Ndi mvula yoyamba ija ya cizimalupsa. Kwatentha miyezi iwiri, ndiye tsiku lina mvula yagwa, nthaka ikununkhira, acule ayamba nyimbo. Mtima umati thamangira kumunda. Ukabzala cimanga, cimamera bwino. Kenako dzuwa limabwerera masabata awiri kapena atatu, ndipo mmera wonse umapsa. Dzina lake lomwe likutiuza: nchito ya mvula imeneyi ndi kuzima lupsa, basi. Musafunse cule. Tengani khasu, kumbani. Ngati cinyontho calowa mpaka kubisa dzanja lanu lonse, ndipo Mpoto wakhazikika, pamenepo mukhoza kutulutsa mbewu. Ngati pansi pali fumbi, dikirani. Cinangwa cimapirira ng'amba kuposa cimanga, koma naco cimafuna cinyontho kuti phesi ligwire.

Mango ndi njala

Mwina munamvapo kuti mango akabereka kwambiri, caka cimeneco kukhala njala. Ena amanenanso comweco za masuku. Mawuwa ndi okoma kumva. Amati Mulungu amatsogoza zipatso kuti ana apulumuke.

Ine pano ndiye sindivomereza. Mango amacita maluwa ambiri nyengo ya cisanu ikakhala yozizira ndi youma bwino. Conco mtengo wa mango ukusimba za miyezi yapita. Za Januwale ndi Febuluwale sukudziwa kanthu. Timakumbukira caka cimene mango anaculuka n'kubweradi njala. Zaka zimene mango anaculuka ndipo tinakolola bwino, timaiwala. Ndi mmene mutu wa munthu ulili.

Mvula ya caka conse imalamulidwa ndi zinthu zakutali kwambiri. Cimodzi ndi kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific, kuseri kwa dziko. Madzi amenewo akatentha kuposa nthawi zonse, akatswiri amati kuli El Niño. Zinacitika mu 2015 mpaka 2016, komanso mu 2023 mpaka 2024. Mu Febuluwale 2024 mvula inadula, ndipo cimanga cinauma ku Tete, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi kummwera kwa Malawi. Kumpoto kuno El Niño sabweretsa cilala nthawi zonse, zaka zina mvula imaculuka. Koma mfundo ndi yakuti palibe mtengo wa pakhomo umene ungaone za ku Pacific.

Kodi ndife tokha?

Ayi. Tiyeni tipite kutali pang'ono, ku dziko la Ireland. Ndi cilumba cacikulu ca kumadzulo kwa Ulaya. Kale anthu ambiri kumeneko anali alimi osauka ndi asodzi a mabwato ang'onoang'ono opalasa. Nawonso moyo wawo unkadalira thambo, ndiye anali ndi zizindikiro zambirimbiri.

Zina mungadabwe nazo, cifukwa ndi zathu zomwe. Ankati namzeze akauluka motsika, kukubwera mvula. Mapiri akutali akaoneka ngati ali pafupi, kukubwera mvula. Mwezi ukakhala ndi mkombero, kukubwera mvula kapena mphepo. Mkombero umenewu umacitika kuwala kwa mwezi kukadutsa m'mitambo yopyapyala ya kumwamba kwambiri, yopangidwa ndi timadzi toundana. Mitambo yotere nthawi zambiri imatsogolera mvula, ngakhale si nthawi zonse. Ndipo za anamzeze pali nkhani yokoma. Ena mwa anamzeze amene timawaona kuno m'dzinja amacokera ku Ulaya. Kumeneko kukayamba kuzizira, amauluka ulendo wonsewo kubwera kummwera kwa Africa. Mbalame imodzi, yowerengedwa ndi mitundu iwiri ya anthu.

Zina ndi zawo zokha. Ankati mphaka akakhala mofulatira moto, kukubwera namondwe. Mwaye ukamagwa kucokera potulukira utsi, kukubwera mvula. Analinso ndi nthano ya nkhalamba ina imene imasunga nyengo yozizira. Ankati pa 1 Febuluwale kukawala dzuwa, ndiye kuti nkhalambayo yatuluka kukatola nkhuni zambiri, conco kuzizira kupitirira. Imeneyo ndi mango awo.

Cizindikiro cawo codziwika kwambiri ndi cakuti kumwamba kukafiira psuu dzuwa likamalowa, mawa kuca bwino. Kwawoko cimagwira nchito ndithu, cifukwa mvula ya ku Ireland imacokera kumadzulo, ku nyanja ya Atlantic. Kumadzulo kukayera, ndiye kuti mpweya wouma ndi umene ukubwera. Koma kuno mvula yathu imabwera ndi Mpoto, pena imamera pamapiri a kum'mawa kapena pakati pa nyanja pomwepa. Dzuwa likhoza kulowa lofiira bwino kutsidya ku Malawi, namondwe n'kukupezani pakati pa usiku. Ndipo m'cilimwe dzuwa limafiira cifukwa ca utsi wa moto wa m'chire basi. Cizindikiro cili ndi kwawo. Ngakhale ca ku Metangula sicingagwire nchito mofanana ku Lichinga.

Nawonso zizindikiro zinawaphonyapo. Pa 28 Okutobala 1927, madzulo, nyanja ya kumadzulo kwa Ireland inali bata. Asodzi analowa m'madzi. Usiku womwewo namondwe anafika mwadzidzidzi, ndipo asodzi oposa 40 anafa. Cenjezo linaulutsidwa pa wailesi, koma masiku amenewo mawailesi anali ocepa kwambiri. Mawu anafika pagombe mabwato atapita kale.

Patapita zaka khumi, anthu a ku Ireland anacita cinthu canzeru. Kuyambira 1937 mpaka 1939, ana a sukulu oposa 50,000 anatumidwa kwa agogo awo ndi kwa anansi acikulire. Anakafunsa nthano, miyambi, mankhwala ndi zizindikiro za nyengo, n'kuzilemba m'makope. Makope amenewo akusungidwa mpaka lero mumzinda wa Dublin, ndipo munthu akhoza kuwawerenga pa intaneti. Agogowo anapita kalekale, koma mawu awo alipo.

Wailesi ndi kope

Lero tili ndi cimene asodzi aja analibe. Bungwe la boma loona za nyengo, INAM, limatulutsa macenjezo. Amamveka pa Rádio Moçambique ya ku Lichinga, imene imaulutsanso m'Cinyanja. Amene ali kufupi ndi Likoma amamvanso mawailesi a ku Malawi, amene amacenjeza za Mwera pa nyanja yomweyi. Macenjezo a INAM ali ndi mitundu: wacikasu, wa lalanje ndi wofiira. Wofiira ndiwo woopsa kwambiri.

Akatswiri amenewa amaona ndi makina a m'mlengalenga. Amaona Mwera ukadali ku South Africa. Amaona namondwe wamkulu akadali pakati pa nyanja ya Indian. Namondwe wa Chido analowa ku Cabo Delgado, kufupi ndi Pemba, pa 15 Disembala 2024, n'kudutsa mpaka ku Niassa ndi ku Malawi. Cenjezo lake linamveka masiku angapo asanafike. Palibe cule kapena nyerere imene ikanadziwa zimenezo masiku atatu patsogolo.

Koma wailesi nayo ili ndi polekezera. Imanena za cigawo conse. Siingakuuzeni kuti mtambo uwo uli pamwamba pa ndomo yanu ugwa pakatha theka la ola. Pamenepo pamafunika maso a bambo uja wa pagombe. Ndiye ine ndimati: wailesi ikati kuli mphepo koma maso akuti kuli bata, khalani kumtunda. Maso akati kuli mphepo koma wailesi sinanene kanthu, khalaninso kumtunda. Ndikudziwa kuti kunena n'kosavuta. Pakhomo pakakhala palibe ufa, ndipo mwini maukonde akufuna ndalama yake, usiku umodzi wogona kumtunda umawawa. Anthu ambiri amene anamira ankaziona zizindikiro. Inawakankha ndi njala.

Inu amene mwaphunzira kulemba tsopano, mukhoza kucita zimene ana a ku Ireland anacita, ndi kuposa apo. Gulani kope laling'ono. Pitani kwa agogo kapena kwa msodzi wamkulu wa pa doko lanu. Khalani pansi, muwafunse mwaulemu: "Agogo, kodi inu mumadziwa bwanji kuti kukubwera Mwera?" Lembani mmene anenera, ndi dzina la malo. Kenako yesani nokha. Patsamba lililonse jambulani mizere itatu. Woyamba lembani tsiku. Waciwiri lembani cimene mwaona. Wacitatu lembani cimene cacitika. Mwacitsanzo:

12 Juni. Funde lopanda mphepo m'mawa. Mwera wafika masana.

3 Novembala. Mwezi uli ndi mkombero. Mvula sinagwe.

20 Novembala. Acule alira usiku wonse. Mvula yagwa m'bandakuca.

Musadumphe masiku amene cizindikiro caphonya, monga la 3 Novembala lija. Alembeni ndithu, ngakhale cizindikiroco cikhale ca agogo anu okondedwa. Mukakhala anthu atatu kapena anayi a m'kalasi imodzi, wina wa kugombe, wina wa kumtunda, bweretsani makope anu pamodzi mvula ikatha, ca m'Epulo, muwerenge kuti cizindikiro ciliconse calondola kangati ndipo caphonya kangati.